Mmene Mungaphere Gulu la Osoka Zofunda za Zigamba M'chaka Chimodzi

Kuno ku America matauni ambiri ali ndi gulu la anthu, ochuluka mwa iwo amayi, amene amakumana kamodzi pamwezi chifukwa cha quilt. Kwa inu amene simunachionepo, ichi n'chofunda cha magawo atatu: pamwamba tizigamba tambirimbiri tolumikizidwa mwaluso, pakati thonje lofewa, pansi nsalu imodzi yaikulu, zitatuzo n'kuzisokera pamodzi kuti zisatayane. Kwathu tikanangoti ndi zotsalira za kwa telala zomwe zachita mwayi.

Amakumana m'chipinda chapansi pa tchalitchi kapena mu holo ya laibulale. Ali ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, komanso munthu mmodzi wokonza zochitika za msonkhano uliwonse. Udindo womalizawu aliyense amauthawa. Tsiku la chisankho ukangotchulidwa, maso onse amagwa pansi ngati holo yonse yataya singano. Ine ndinangotuluka kukathira tiyi, pobwera ndinapeza akundiwombera m'manja.

Ndinalandira holo yodzaza mpaka kubwereka mipando kuchipinda china. Chaka chisanathe tinkakwana patebulo limodzi. Si aliyense angafike pamenepo, chifukwa gulu la osoka lili ngati kapinga: ukalizula pano, laphukira uko. Pamafunika luso ndi khama. N'chifukwa chake ndalemba malangizowa, kuti inu achemwali amene mwangosankhidwa kumene musavutike monga ndinavutikira ine poyamba, pamene misonkhano ina inkandipulumuka n'kukhala yosangalatsa.

Musafunse munthu

Okuyambani adzakuuzani kuti mugawe timapepala kuti mamembala alembe zomwe akufuna kuphunzira. Musayerekeze. Mukafunsa akuyankhani, ndiye muli m'madzi. Wina adzati amavutika kumanga m'mphepete mwa chofunda, wina adzati makona a tizigamba take sakumana, wina adzati manja ayamba kunjenjemera ndipo akufuna njira yodulira nsalu osadzicheka. Zimenezi ndi zinthu zoti munthu akaphunzira amabweranso mwezi wamawa, ndipo sindizo tikufuna.

Akuti safunsa anadya phula. Zoona, koma anadya ali phee, wopanda womutsutsa. Khalani nokha usiku umodzi, lembani zochitika za miyezi 12 malinga ndi zomwe inu mumakonda. Ngati mumakonda mtundu umodzi wa kasokedwe, gulu lonse liukonde chaka chonse. Pamene wina wakukakamizani kugawa timapepalato, tolerani, thokozani ndi nkhope yowala, n'kukatiika m'chikwama chomwe simuyenda nacho.

Kalendala ikugwirireni ntchito

Chaka cha osoka chili ndi nyengo zake monga chaka cha mlimi. Mu April anthu amakhamukira ku Paducah, ku Kentucky, kumene bungwe la American Quilter's Society limachititsa chionetsero chake chachikulu. Chakumapeto kwa chaka amapita ku Houston, ku Texas, ku chionetsero china chokulirapo. Amene amapitako ndi aja olimbikira kwambiri m'gulu, onyamula matebulo ndi obweretsa zokhwasulakhwasula. Choncho phunziro lofunika kuposa onse liikeni sabata yomweyo. Otsala adzakhala opanda owathandiza, opitawo adzadandaula kuti mwawamana. Mwala umodzi, mbalame ziwiri zagwa.

Mphunzitsi wochokera kutali muitanireni mu January, misewu itakwiririka ndi chipale chofewa. Loweruka lachitatu la March ndi tsiku lomwe dziko lino limakumbukira luso limeneli. Inu ikani pamenepo zokambirana za kusintha malamulo a gulu. Ntchito yaikulu yoti ithe msanga ilengezeni sabata ya chikondwerero cha Thanksgiving, amayi onse ali kalikiliki kukhitchini. Za nthawi musavutike: 10 koloko m'mawa Lachiwiri ndi yabwino kwambiri, chifukwa aliyense wapantchito wadzichotsa yekha, inu osanena kanthu.

Maminitsi ayambe, nsalu idikire

Munthu wabwera ndi chikwama cha nsalu, mtima uli dyokodyoko kuti aonetse anzake. Mphamvu imeneyo ndi yoopsa ndipo iyenera kuphwetsedwa koyambirira. Mankhwala ake alipo kuyambira 1876, pamene Henry Martyn Robert anasindikiza buku lake la kayendetsedwe ka misonkhano. Anthu a kuno amalilemekeza ngati katekisimu. Ligwiritseni ntchito mokwanira.

Mlembi awerenge maminitsi a mwezi watha liwu ndi liwu. Pofunsa ngati pali chokonza, dikirani mpaka wina apezeke. Amapezeka nthawi zonse. Msungichuma atchule risiti iliyonse, ngakhale ya timatumba ta tiyi. Kenako dzutsani nkhani ya ndalama ya umembala, ngati ikwere ndi madola awiri kapena atatu. Nkhani imeneyi imadya mphindi 40 mosavuta ndipo imasiya anthu awiri osalankhulana mpaka Khirisimasi. Ikatha, imatumizidwa kukomiti, komiti n'kudzaibwezanso mwezi wamawa ili yamoyo.

Phunziro la tsikulo lidzayamba agogo ena atavala kale majasi kuti azipita. Apa ndiye mwadziwa kuti zikuyenda.

Mlendo abwere ndi kalumo, inu mukabise

Aphunzitsi odziwika amakhala atalonjeza kale masiku awo chaka chathunthu kapena kuposerapo. Choncho yambani kufunafuna wanu kwatsala milungu itatu. Mukamupeza, musalembe pangano lililonse. Za malipiro, za mafuta a galimoto, za kogona, zonsezo mudzakambirane pakhomo la holo, msungichuma ali cheucheu.

Mphunzitsi wotere amabwera ndi masutikesi odzaza zofunda, kuti azitambasula chimodzichimodzi uku akufotokoza. Zimafuna anthu awiri aatali ozigwira m'makona, ena awiri opinda, ndi tebulo loyera poziika. Musakonze chilichonse mwa izi. Msiyeni adzigwirire yekha chofunda chotalika kumuposa, mawu akuchokera kuseri kwa nsalu ngati munthu wolankhula ali m'nkhokwe. Maikolofoni akhale opanda mabatire, pakuti theka la gulu ndi anthu amene makutu anayamba kale kupuma. Ngati ali ndi zithunzi pakompyuta, chingwe cha pulojekita chikhale cha mtundu wina.

Pomudziwitsa kwa anthu, lakwitsani dzina lake, kenako fotokozani mbiri yanu kwa mphindi 15. Aphunzitsiwa amadziwana ndipo amauzana. Mlendo mmodzi mukamulandira chonchi, mwadzitsekera khomo la ena asanu osatulutsa ndalama ya sitampu.

Tsiku losokera limodzi

Pano samalani kwambiri. Tsiku limene anthu amabwera ndi makina awo n'kusoka pamodzi ndi limene limadzutsa magulu omwe anali atatsala pang'ono kufa. Manja akakhala pansalu, pakamwa pamamasuka. Wosadziwa amasuzumira kwa mnzake, wodziwa amasendeza mpando. Ngati simungathe kuliletsa tsikuli, liwonongeni ndi masamu.

M'nyumba zambiri kuno, nthambi imodzi ya magetsi imanyamula maampeya 15 pa mavoti 120, ndiye kuti mawati 1,800. Simbi imodzi yositira imadya mawati opitirira 1,000. Osoka zigamba sachita kanthu popanda simbi: msoko uliwonse amausita asanalumikize wina. Choncho lumikizani simbi zitatu pachingwe chimodzi, onjezanipo ketulo ya tiyi. Ine ndinachita zimenezi m'chipinda chapansi chopanda zenera. Tinangomva kuti thi, kenako mdima wa ndiweyani, makina onse zii. Kiyi wa bokosi la magetsi anali ndi bambo wosamalira pamalopo, ndipo bamboyo anali atapita kukawedza. Mumdimamo munamveka mawu a agogo ena, odekha ngati akupempha mchere: "Mwanangu, pali amene wasiya mpeni wosatseka patebulo lino, musapapase." Ankanena kampeni kozungulira kaja ka Olfa, komwe kanatulukira ku Japan mu 1979, kakuthwa ngati lezala. Tinakhala manja ali m'mwamba ngati ogwidwa ndi achifwamba.

Mndandanda wa zofunika kubweretsa utumizeni usiku woti mawa ndi tsikulo, ndipo muiwalemo chinthu chimodzi chachikulu. Chitsanzo chomwe mukuphunzitsa musachiyesere kunyumba. Mudzatulukire limodzi ndi ophunzira kuti miyeso ya papepala ndi yolakwika, atadula kale nsalu zawo zodula.

Aliyense asoke chidutswa chake

Palibe chinthu chogwirizanitsa gulu ngati chofunda chimodzi chosokedwa ndi anthu ambiri, chokachititsa mayere kuti gulu lipeze ndalama, kapena chokapereka kwa ovutika. Palibenso chinthu choligawanitsa msanga ngati chomwecho, mukadziwa pogwira.

Chinsinsi chili pa kota ya inchi. Osoka zigamba amasiya kota ya inchi pamsoko uliwonse, pafupifupi mamilimita 6, ndipo chidutswa chomwe chidzaoneke cha mainchi 12 chofunda chikatha chimayenera kubwera chili mainchi 12 ndi theka. Inu ingonenani kuti "mainchi 12" basi, osafotokoza kuti ndi 12 iti. Musauze anthu kuti ayese kaye mapazi a makina awo. Msoko uliwonse ukadya kachigawo kamodzi mwa 8 ka inchi mopitirira, misoko 8 yameza inchi yathunthu. Zidutswa zidzabwera ngati ana a bambo osiyana: china chachikulu, china chaching'ono, china chopendekeka ngati chikumvetsera miseche. Za kuchapa nsalu musanene kanthu, kuti wina abweretse yofiira yosachapa, idzasukulukire pa zoyera zonse tsiku loyamba kulowa m'madzi.

Ntchito yolumikiza zonsezi ipatseni mayi mmodzi wofatsa amene satha kukana. Adzakhala usiku akusomola misoko ya anzake, ndipo pomaliza adzadziwa dzina la aliyense wosoka mokhota. Chidziwitso chotere sichimusiya munthu ali mmene analili.

Pa zofunda zachifundo, kuno kuli mabungwe monga Project Linus, lomwe linayamba mu 1995 ndipo limapereka zofunda kwa ana odwala ndi ovutika, ndi Quilts of Valor, la mu 2003, lomwe limafunditsa asilikali okhudzidwa ndi nkhondo. Mabungwe otere ali ndi malamulo a kukula kwa chofunda ndi mtundu wa nsalu. Awerengeni mutamaliza kusoka.

Valani yunifomu yaupolisi

Osoka a kuno ali ndi dzina la munthu amene amayandikitsa mphuno pachofunda cha mnzake kufunafuna cholakwika: amati ndi wapolisi wa quilt. Amaseka kuti apolisi amenewa kulibe. Inu awonetseni kuti alipo. Tembenuzani chofunda cha mnzanu muone kumbuyo. Werengani misoko pa inchi iliyonse. Nenani mokoma mtima kuti, "N'chokongola ndithu, kwa munthu woyamba kumene."

Pochita izi bisani nkhani ya ku Gee's Bend. Uwu ndi mudzi waung'ono wa ku Alabama, pamene mtsinje unakhota n'kutsala pang'ono kuuzinga, ndipo anthu ake ndi zidzukulu za akapolo a m'minda ya thonje. Amayi a kumeneko ankasoka zofunda ndi mabuluku akuntchito ong'ambika, matumba a ufa ndi madiresi otha, kuti ana asafe ndi chisanu. Mizere yawo ndi yokhota, makona sakumana, zigamba n'zosalingana. Mu 2002 zofunda zimenezo zinapachikidwa m'nyumba yosungira zaluso ku Houston, kenako m'nyumba ya Whitney ku New York, ndipo mu 2006 zinasindikizidwa pamasitampu a dziko lino. Mamembala anu akamva zimenezi adzayamba kukhulupirira maso awo kuposa rula yanu, ndipo upolisi wanu wathera pomwepo.

Pali zofunda zina zomwe anthu anaziyamba n'kuzisiya m'kabati zaka zambiri. Amazitcha UFO, dzina lomwenso amatchulira zinthu zachilendo zouluka mumlengalenga. Magulu amoyo amapanga kampikisano koseketsa kolimbikitsana kuzimaliza. Inu lembani mayina pabolodi ndi chiwerengero cha aliyense, muziwerenga mokweza mwezi ndi mwezi ngati ngongole za kugolosale.

Wobwera kumene adzionere yekha

Mtsikana akalowa ndi kachikwama kake, maso ali mwazumwazu kufuna pokhala, musatume munthu kukamulonjera. Mipando yonse ikhale ndi eni ake kuyambira kalekale. Akakhala pampando wa wina, auzidwe. Timapepala ta mayina ta pachifuwa n'tosafunika, poti tonse timadziwana. Lankhulani m'zidule zokhazokha. Wina akati fat quarter, musamuuze kuti ndi nsalu ya mainchi 18 kwa 22. Adzifunse yekha kuti wanenepa ndani.

Akatulutsa chofunda chake cha mitundu yowala ndi malo aakulu opanda chigamba, mufunseni kuti adzachimaliza liti. Musade nkhawa kuti akalowera kuti. Mu 2009 ku Los Angeles kunayamba Modern Quilt Guild, ndipo nthambi zake zafalikira m'mizinda yambiri. Amakumana nthawi yoti wapantchito angathe, ndipo adzamulandira ndi manja awiri. Inu mudzatsala ndi mtendere, gulu likukalamba limodzi mwaulemu.

Ine tsiku langa loyamba ndinabwera ndi zidutswa za zitenje zomwe ndinachoka nazo kwathu. Mayi wina anazigwira, n'kuzinunkhiza, n'kufunsa kuti chitenje cha nsomba chija ndinachivala pa chiyani. Ndinapezeka ndikufotokoza za chinkhoswe cha mng'ono wanga kwa anthu omwe sindinkawadziwa mayina. Ndicho chifukwa ndinabweranso. Onani kuopsa kwa funso limodzi. Lisaloledwe.

Gulani belu

Tafika pamtima pa nkhani. Msonkhano uliwonse uli ndi nthawi imene aliyense amaimirira, kutambasula chomwe wasoka, n'kunena mawu pang'ono. Anthu ambiri amabwerera nthawi imeneyi. Zina zonse amangopirira. Ikakhala yamoyo, gulu silifa ngakhale mutachita zonse ndalemba pamwambapa.

Chifukwa chake n'chakuti nsalu imanyamula anthu. Pa 11 October 1987, pabwalo lalikulu la ku Washington anayala zidutswa 1,920, chilichonse cha mafiti 3 kwa 6, kukula kwa manda, chilichonse chili ndi dzina la munthu amene anamwalira ndi Edzi. Ife ochokera kwathu sitifunika kutiuza kulemera kwa mayina otere. Anthu amene sakanatha kulankhula pagulu anasoka, ndipo dziko linaona. Chinthu champhamvu chotere simungachisiye chizingoyendayenda mumsonkhano wanu.

Choncho iikeni kumapeto kwenikweni, wosamalira holo atayamba kale kugwedeza makiyi. Aliyense apatsidwe masekondi 30. Gulani belu.

Langa linali laling'ono, lasiliva, la patebulo. Linagwira ntchito bwino miyezi ingapo. Tsiku lina anaimirira agogo ena aafupi, amene chaka chonse sanalankhulepo. Anatambasula chofunda cha timabokosi tabuluu ndi totuwa, chosadabwitsa konse. Anati ndi malaya a amuna awo. Analoza kachigamba kena komwe kanali ndi thumba, batani likadali pomwepo, n'kunena kuti m'menemo ndi mmene ankasungamo magalasi, ndipo ankawafunafuna nyumba yonse ali m'thumba momwemo. Kenako analoza kena kothimbirira ndi penti. Pamenepo masekondi 30 anakwana.

Ndinaliza belu. Lamulo ndi lamulo.

Agogowo anandiyang'ana, osakwiya, n'kunena kuti, "Pepani mwanangu, ndatalikitsa." Anapinda chofunda chawo bwinobwino, kanayi, n'kukhala pansi. Mu holo munali zii. Mwezi wotsatira mipando yobwereka ija sinafunikenso, ndipo mwezi winawo tinayamba kupinda ina. Pa njira zonse ndakupatsani, iyi ndi yachangu koposa, ndipo mtengo wake ndi wa belu basi.

Chenjezo

Ndikanama ndikanena kuti ntchito yanga inatheka yonse. Chaka chitatha ndinamva kuti anthu aja sanasiye kusoka. Ankakumana Lachinayi lililonse kukhitchini kwa agogo a malaya aja, popanda wapampando, popanda maminitsi, simbi imodzi yokha pakona. Mtsikana wa mitundu yowala uja anali komweko, akuwalowetsera ulusi pasingano. Mayi wofatsa wosomola misoko anali kuphunzitsa za kota ya inchi, ndipo akuti ankaseka. Chomwe ndinapha ine chinali msonkhano, gulu linangosamuka.

Muyembekezere zimenezi, ndipo musataye mtima. Akakuitanani kukhitchini koteroko, kanani. Ine anandiitana, agogo omwewo, pafoni: "Mwanangu, zitenje zija zikungokhala m'kabati? Bwera nazo Lachinayi." Ndinapita n'cholinga chokaona mmene ndingawakonzere ndondomeko. Ndisanatulutse cholembera anandipatsa singano, n'kundisendezera mpando pafupi ndi zenera. Agogo anatambasulanso chofunda chija patebulo n'kuyambira pomwe ndinawadula, pa kachigamba ka penti. Inali penti ya chipinda cha mwana wawo woyamba. Nkhaniyo inatenga mphindi 20, ndipo tiyi anazizira m'makapu.

Belu lija ndikadali nalo. Limathandiza kupsinja nsalu kuti isaterereke podula.